Kulima Ndiwo Zamasamba Zimene Simunazilawepo

Munthu amene wagwira paketi ya njere za mbewu yamasamba yachilendo monga kohlrabi, fennel kapena pak choi, koma sanaonepo mbewuyo ili m'munda ndiponso sanaiikepo pakamwa, amayamba ntchito akusowa chinthu chimene mlimi wa kabichi kapena tomato ali nacho kale. Iye sadziwa mmene mbewuyo imaonekera ikakhala kuti ikukula bwino. Wolima tomato amazindikira msanga tsamba likayamba kudwala, amadziwa tsiku lothyola, ndipo akalawa amatha kunena ngati wakoma kapena ayi, chifukwa wadya tomato wambiri pa moyo wake. Wolima mbewu yachilendo alibe poyerekezera. N'chifukwa chake anthu ambiri amabzala pa nyengo yolakwika, amakolola mochedwa, amaphika mmene anazolowerera kuphika masamba ena, kenaka amagamula kuti mbewuyo ndi yoipa. Cholinga cha malangizo awa ndi chakuti tsiku limene mudzanene kuti mbewu ina simuikonda, mudzakhale mutailawa ili pa msinkhu wake weniweni, yolimidwa pa nyengo yake ndiponso yophikidwa moiyenera.

Kukayikira chakudya chatsopano si chinthu chochititsa manyazi, ndipo sikunayambe ndi ife. Tomato anafika ku Ulaya kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, koma m'mayiko ena a kumpoto kwa Ulaya anthu anamulima kwa nthawi yaitali ngati duwa lokongoletsa pakhomo, akuopa kumudya. Ku France mbatatesi inkakayikiridwa mpaka akatswiri a zachipatala a ku Paris ananena mu 1772 kuti ndi yoyenera kudya, ndipo katswiri wa zamankhwala wa komweko, Antoine Parmentier, anathera zaka zambiri akulimbikitsa anthu kuti aiyese. Mbewu ziwirizi lero zimadyedwa pafupifupi padziko lonse.

Dziwani banja la mbewuyo musanagwire khasu

Ntchito yoyamba ndi kupeza dzina la sayansi la mbewuyo, lija limalembedwa m'Chilatini pa paketi kapena m'buku la ogulitsa njere. Dzina limeneli limakuuzani achibale ake, ndipo mukadziwa achibale mwadziwa kale zambiri za kalimidwe kake. Kohlrabi, mwachitsanzo, amaoneka wodabwitsa, ngati mpira wobiriwira kapena wofiirira umene wamera masamba m'mbali, koma dzina lake ndi Brassica oleracea, lomwenso ndi dzina la kabichi, kolifulawa, burokoli, masamba otchedwa kale m'Chingerezi ndi Brussels sprouts. Zonsezi ndi mtundu umodzi wa chomera umene alimi akhala akuusankha kwa zaka mazana ambiri, ena pofuna masamba, ena maluwa, ena tsinde lotupa. Ngati munalimapo kabichi, mukudziwa kale dothi limene kohlrabi amafuna, nyengo yozizira imene amakonda ndi mbozi zimene zidzabwere kudzamudya. Momwemonso Swiss chard ndi beetroot onse ndi Beta vulgaris, celeriac ndi celery ndi chomera chimodzi, fennel ndi parsnip ali m'banja la karoti, ndipo tomatillo ali m'banja la tomato, tsabola ndi biringanya.

Dzina la sayansi limakutetezaninso ku mayina osocheretsa a pamsika. Jerusalem artichoke sanachokere ku Jerusalem ndipo si artichoke. Kwawo ndi ku North America, ndi wachibale wa mpendadzuwa, ndipo chimene chimadyedwa ndi zotupa za pansi pa dothi. Artichoke weniweni ndi chomera cha kumadera a nyanja ya Mediterranean, chimene chodyedwa chake ndi duwa lisanamasule. Malabar spinach ndi New Zealand spinach si sipinachi, ndipo kusiyanaku n'kofunika kwambiri, pakuti sipinachi weniweni amafooka kukatentha pamene awiriwa amakula bwino nyengo yotentha. Munthu amene angawalime potsatira dzina lokha adzawabzala pa nthawi yosiyana ndi imene amafuna.

Mukadziwa banja, funsani funso limene sililola kungoganizira: ndi gawo liti la chomerachi limene limadyedwa, ndipo kodi limadyedwa laliwisi kapena liyenera kuphikidwa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi kusafunsa kungadwalitse banja lonse. Rhubarb amadyedwa mapesi okha, masamba ake ali ndi poizoni. Nyemba zofiira za mtundu wa kidney beans zikakhala zouma zili ndi chinthu chotsegula m'mimba ndi kusanzitsa, choncho ziyenera kunyikidwa m'madzi kwa maola angapo, madziwo n'kutayidwa, kenaka n'kuwiritsidwa pa moto waukulu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Nyemba za fava zimadwalitsa kwambiri anthu amene anabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD deficiency, ndipo amene akudziwa kuti vutoli lilipo m'banja mwawo ayenera kufunsa dokotala asanazidye. Utomoni wa masamba a parsnip ukagwera pakhungu, khungulo n'kuombedwa ndi dzuwa, umatha kutulutsa matuza ngati a moto, motero posamalira mbewuyi valani malaya a manja aatali. Ndipo chilichonse cha m'banja la nkhaka ndi maungu, monga zucchini, chimene mwachibadwa sichiwawa koma tsiku lina mwachipeza chikuwawa kwambiri, chilavuleni ndi kuchitaya, chifukwa kuwawako kumachokera ku poizoni amene satha ngakhale mutaphika.

Nyengo ya kwanu ndiyo iyenera kulamula

Paketi ya njere inalembedwera anthu a dziko limene inasindikizidwira. Ikanena kuti fesani mu April, mweziwo ukutanthauza kuyamba kwa nyengo yofunda kumpoto kwa dziko lapansi, pamene kum'mwera ndi nthawi imene kukuyamba kuzizira, ndipo kumadera oyandikira equator ungatanthauze china chosiyananso. Musawerenge dzina la mwezi. Fufuzani kutentha kumene mbewuyo imafuna, kenaka muone miyezi ya kwanu imene imakhala ndi kutentha koteroko. Banja la kabichi, letesi, fennel ndi sipinachi zimafuna nyengo yozizirirapo, ndipo njere za letesi zimakana kumera dothi likatentha kufika madigiri pafupifupi 30. Banja la tomato ndi la maungu limafuna dothi lofunda, ndipo limafa likagwidwa ndi chisanu.

Mbewu ya nyengo yozizira ikabzalidwa kukutentha nthawi zambiri siifa, ndipo apa ndi pamene mlimi watsopano amanyengeka. Imakula ndithu, koma imathamangira kutulutsa phesi la maluwa, masamba n'kuyamba kuwawa ndi kulimba, mutu kapena chotupa chimene mumayembekezera osapangika. Wina akalawa pak choi woteroyo amanena kuti pak choi ndi wowawa, chonsecho wadya chomera chimene chinasiya kale kupanga masamba n'kuyamba kupanga njere. Ngati mbewu yanu yatero, vuto ndi nthawi imene munafesa, ndipo yankho ndi kuyesanso nyengo ikasintha.

Palinso chinthu china chimene mapaketi ambiri sanena, chomwe ndi utali wa masana. Anyezi amayamba kutupa akalandira maola a kuwala okwanira mtundu wake. Mitundu ina imafuna maola 10 mpaka 12, ina imafuna maola 14 mpaka 16, ndipo masana aatali chotero amapezeka kumadera akutali ndi equator okha. Mukabzala mtundu wofuna masana aatali kudera limene usana ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana chaka chonse, mudzakolola masamba popanda mutu, ngakhale mutathira manyowa abwino chotani. Oca, chomera cha kumapiri a Andes ku South America, chimachita mosiyana: chimayamba kubereka pansi masana akafupika. Pa mbewu iliyonse imene chodyedwa chake ndi mutu kapena chotupa cha pansi, funso la utali wa masana lifunseni musanagule njere.

Lingaliraninso nthawi imene mungathe kudikira. Radish wamng'ono amakololedwa patapita masiku 25 mpaka 30, kohlrabi ndi pak choi pasanathe miyezi iwiri, koma celeriac amatenga miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo asparagus (amene amadyedwa mphukira zake) wofesedwa ndi njere sayenera kukololedwa mpaka chaka chachitatu, ngakhale kuti akakhazikika amabereka zaka 15 kapena 20. Ine ndingalangize munthu woyamba kuti asankhe mbewu zofulumira, chifukwa mbewu yofulumira imalola kulakwitsa, kuona cholakwikacho ndi kufesanso m'nyengo yomweyo. Kupereka bedi kwa zaka zitatu ku chinthu chimene simunachilawepo ndi chisankho chachikulu, ndipo ngati pali mwayi wogula asparagus pang'ono n'kulawa kaye, teroni.

Njere ndi malo oyeserapo

Gulani njere kwa ogulitsa amene amalemba dzina lonse la mbewu, mtundu wake ndi tsiku limene njerezo zinapakidwa. Ngati mukuitanitsa kuchokera kudziko lina, dziwani kuti pafupifupi dziko lililonse lili ndi malamulo oletsa kulowetsa njere ndi zomera popanda chilolezo, ndipo kawirikawiri pamafunika kalata yotsimikiza kuti zilibe matenda. Malamulowa ali pamenepo kuteteza minda ya anthu onse ku tizilombo ndi matenda obwera ndi mbewu, choncho funsani ofesi ya zaulimi ya m'dziko lanu musanaitanitse. Njere zimene zapakidwa utoto wofiira, wobiriwira kapena wabuluu nthawi zambiri zinathiridwa mankhwala. Musazilawe, musazimeretse kuti mudye timphukira take, ndipo sambani m'manja mukatha kufesa.

Musanafese zonse, yesani ngati zili zamoyo. Ikani njere 10 pa pepala lofewa lonyowa, lipindeni, liikeni m'thumba la pulasitiki pamalo ofunda, ndipo muziliona tsiku ndi tsiku. Zikamera zisanu ndi ziwiri kapena kuposa, njerezo ndi zabwino. Zikamera zitatu, fesani mothinana kapena pezani zina. Kuyesaku n'kofunika kwambiri pa mbewu yachilendo, chifukwa bedi likakhala lopanda kanthu simungadziwe ngati vuto ndi njere, dothi kapena kuthirira kwanu. Njere za parsnip ndi za anyezi zimafa msanga, moti patatha chaka chimodzi zambiri sizimeranso, pamene za tomato ndi za nkhaka zosungidwa pouma ndi pozizira zimakhala zaka zingapo.

Malo akhale ochepa. Mzere umodzi wa mita imodzi kapena ziwiri, kapena mbande zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndi zokwanira kukupatsani chakudya cholawa kangapo. Musayese mitundu yoposa iwiri kapena itatu pa nyengo imodzi, pakuti mbewu yachilendo imafuna kuyang'aniridwa pafupipafupi, ndipo maso a munthu mmodzi sangaphunzire zinthu khumi nthawi imodzi. Koma dera laling'onolo likhale labwino, lolandira dzuwa kwa maola osachepera asanu ndi limodzi, la dothi losasunga madzi ndiponso lothiridwa kompositi wowola bwino. Anthu ambiri amapatsa mbewu yatsopano kangodya kamthunzi kamene mbewu zina zinakana, ndipo ikafooka amaiimba mlandu. Kumeneko si kuyesa kwachilungamo. Pewaninso kubzala pamalo pamene mbewu ya banja lomwelo yangochokapo kumene, chifukwa matenda a m'dothi amadikira wachibale wake. Tomatillo yekha ndiye asakhale mmodzi: bzalani awiri kapena kuposa, chifukwa popanda mungu wochokera ku mnzake amachita maluwa ambiri koma zipatso zochepa kwambiri.

Mbewu zina siziyenera kupatsidwa ufulu m'munda mpaka mutatsimikiza kuti mukuzifuna. Jerusalem artichoke ndi horseradish zimaphukanso kuchokera ku kachidutswa kalikonse kotsalira m'dothi, ndipo munthu amene anazibzala kuti angolawa amatha kulimbana nazo zaka zambiri. Zibzaleni m'chidebe chachikulu choboola pansi, ndipo mudzazisamutsire m'munda pokhapokha mutazikonda.

Kufesa ndi kusamalira

Vuto loyamba limene mudzakumane nalo ndi kusiyanitsa mbande ndi udzu. Simunaonepo kamera ka mbewuyi, ndipo timasamba tiwiri toyamba nthawi zambiri sitifanana ndi masamba a chomera chachikulu. Njira imene imandithandiza ndi iyi: fesani mu mzere wowongoka wotsatira chingwe, ikani chikwangwani cholemba dzina ndi tsiku, ndipo tsiku lomwelo fesani njere zitatu kapena zinayi m'kachidebe ka dothi loyera lopanda njere za udzu. Chimene chidzamere m'kachidebeko ndicho chitsanzo chanu. Chilichonse cha m'bedi chosafanana nacho, kapena chomera kunja kwa mzere, ndi udzu. Izi zimatetezanso moyo, makamaka pa banja la karoti, limene lili ndi achibale akutchire a poizoni woopsa, monga hemlock, amene masamba awo amafanana ndi a mbewu zodyedwa. Musadye chomera chimene simukutsimikiza kuti munachifesa nokha.

Kwirirani njere mozama kuwirikiza kawiri kapena katatu kukula kwake, ndipo tinjere tating'ono kwambiri, monga ta celery ndi letesi, ingotikanikizani pamwamba pa dothi chifukwa timamera bwino tikamaona kuwala. Mbewu za muzu umodzi wautali, monga parsnip, daikon ndi salsify, zifeseni pamalo pamene zidzakulire, pakuti zikawokeredwa muzu umapindika kapena kugawika. Fennel nayenso sakonda kusokonezedwa mizu, ndipo akasokonezedwa amathamangira ku maluwa. Banja la kabichi ndi la tomato limalola kuyambira ku nazale. Pamenepa kumbukirani kuti masiku okhwimira olembedwa pa paketi, pa mbewu zowokera, kawirikawiri amawerengedwa kuyambira tsiku lowokera osati lofesa. Musafulumire kugalauza bedi limene likuoneka kuti lakana: parsnip amatha kutenga milungu itatu kapena inayi asanatuluke, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Gawani njerezo patatu ndipo muzifesa patapita milungu iwiri kapena itatu. Mukatero mukuyesa nyengo zitatu m'chaka chimodzi, ndipo gulu limene lidzachite bwino lidzakuuzani nthawi yoyenera kudera lanu kuposa mmene buku lililonse lingakuuzireni. Mbande zikamera, patulirani motsatira mpata wolembedwa pa paketi ngakhale mtima ukukana kuzula. Za banja la kabichi, beetroot ndi letesi zimene mwazula potero zimadyedwa, ndipo ndizo zimakupatsani mwayi woyamba wolawa.

Pa kuthirira, chofunika ndi kusadumphadumpha. Dothi likauma kwambiri kenaka n'kunyowa kwambiri, kohlrabi ndi radish amang'aluka, ndipo masamba ambiri amawawa. Pisani chala m'dothi, ndipo mukapeza kuti pansi pa masentimita awiri kapena atatu pauma, thirirani mokwanira. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba kuti chinyezi chisathawe. Tizilombo ta kwanu sitidzaiona mbewuyo ngati mlendo, tidzaizindikira ndi fungo la banja lake, choncho tembenuzani masamba kawiri pa mlungu kuti muone mazira, mbozi ndi nsabwe, ndipo pa bedi laling'ono neti yopyapyala ndi zala zanu n'zokwanira.

Tsiku lokolola

Apa ndi pamene mbewu zambiri zachilendo zimatayira mbiri yake. Mlimi amene sakudziwa msinkhu woyenera amadikira kuti chinthucho chikule, poganiza kuti chachikulu ndicho chokhwima bwino, pamene masamba ambiri amakoma ali anthete. Ine chaka choyamba ndinasiya kohlrabi mpaka anakula kuposa zibakera ziwiri, ndipo nditamudula ndinapeza mkati muli ulusi wolimba wosatafunika. Ndikanalekera pomwepo ndikanakhala ndikuuza anthu kuti kohlrabi ndi nkhuni. Gulu lachiwiri ndinalizula lili ndi masentimita 6 m'mimba mwake, ndipo linali lofewa, lamadzi ndiponso lotsekemera pang'ono, ngati pakati pa tsinde la kabichi wanthete. Mitundu yambiri ya kohlrabi imafuna kukololedwa pakati pa masentimita 5 ndi 8.

Zina zimatsata lamulo lomweli. Zucchini amakoma ali ndi masentimita 15 mpaka 20, ndipo akapitirira amadzaza madzi ndi njere. Radish akachedwa mlungu umodzi wokha amakhala ngati thonje mkati ndipo amalasa kukhosi. Artichoke amadulidwa duwa likadali lotseka zolimba, chifukwa likayamba kumasula ladutsa kale. Fennel amazulidwa mutu wake ukafika kukula kwa mpira wa tenesi, asanayambe kutalika. Swiss chard ndi masamba aja otchedwa kale sazulidwa: mumathyola masamba akunja n'kusiya apakati, ndipo chomeracho chimakupatsani masamba kwa miyezi ingapo. Tomatillo amakhala wokonzeka chipatso chikadzaza kachikopa kake kangati pepala n'kuyamba kukang'amba. Koma pali zina zimene kudikira kumazikometsa: parsnip, kale ndi Brussels sprouts zimatsekemera zikadutsa m'nyengo yozizira kwambiri, ndipo kumadera osazizira sizifika pa kukoma kumene anthu a kumayiko ozizira amakusimba.

Popeza simukudziwa msinkhu umene mudzaukonde, kololani pang'onopang'ono. Zulani chimodzi chikadali chaching'ono kuposa mmene paketi ikunenera, china pa nthawi yake, china patapita mlungu, ndipo mulembe kusiyana kwake. Kololani m'mawa kusanatenthe, ndipo muphike tsiku lomwelo, kuti mulawe chinthucho chisanafote.

Kulawa

Tsiku loyamba idyani pang'ono, ndipo musaphatikize zachilendo ziwiri pa chakudya chimodzi, kuti thupi likadana nacho mudziwe chimene chachititsa. Celery ndi celeriac, mwachitsanzo, zili m'gulu la zakudya zimene anthu ena matupi awo amazikana. Kuyabwa m'kamwa, ziwengo kapena kutupa milomo ndi zizindikiro zoti musiye, ndipo kubanika kapena kutupa kukhosi kumafuna kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi anthu amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali asakhale oyamba kulawa. Amene ali ndi vuto la miyala ya mu impso asamale ndi Swiss chard, sipinachi ndi rhubarb, ndipo amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi otchedwa warfarin afunse dokotala asanachulukitse masamba obiriwira monga aja otchedwa kale.

Pali zina zodabwitsa zimene si matenda, ndipo ndi bwino kuzidziwiratu kuti zisakuopseni. Beetroot amafiiritsa mkodzo ndi chimbudzi cha anthu ena. Asparagus amasintha fungo la mkodzo. Jerusalem artichoke ali ndi inulin, chinthu chimene m'mimba mwa munthu simugaya mosavuta, ndipo amadzaza mpweya m'mimba mwa munthu amene wadya wambiri nthawi imodzi, choncho yambani ndi kachidutswa kamodzi kapena tiwiri.

Phikani mosavuta poyamba, ndi mchere ndi mafuta pang'ono basi, kuti mumve kukoma kwa chinthucho osati kwa zokometsera. Kenaka yesani njira zitatu pa masiku osiyana: chachiwisi ngati mwatsimikiza kuti chimadyedwa chotero, chowiritsa kapena chokazinga kwa nthawi yochepa, ndi chowotcha. Kusiyana kwake kumakhala kwakukulu moti mungaganize kuti ndi mbewu zosiyana. Fennel wamuwisi ali ndi fungo lamphamvu limene ena amalikana, koma wowotcha amafewa n'kutsekemera. Brussels sprouts owiritsidwa nthawi yaitali amatulutsa fungo la sulufule, ndipo ambiri amene amati amadana nawo anawadya ataphikidwa motero. Pak choi amafuna mphindi ziwiri kapena zitatu pa moto waukulu, mapesi poyamba, masamba pomaliza. Fufuzaninso mmene anthu a kumene mbewuyo yakhala ikudyedwa kwa nthawi yaitali amaiphikira, pakuti iwo anathetsa kale mavuto amene inu mukukumana nawo koyamba. Radicchio, wachibale wa letesi, ndi wowawa mwachibadwa, ndipo ku Italy amamuwotcha kapena kumuphatikiza ndi mafuta ndi zowawasa kuti kuwawako kukhale kokoma.

Musagamule tsiku limodzi, chifukwa lilime limazolowera chatsopano pang'onopang'ono, ndipo chimene chinali chachilendo tsiku loyamba chimatha kukhala chokondedwa pa ulendo wachisanu. Komabe ndiyenera kunena moona kuti nthawi zina kukana n'kwenikweni. Anthu ena anabadwa akumva masamba onunkhira otchedwa coriander ngati sopo, ndipo ena amamva kuwawa kwa banja la kabichi mwamphamvu kuposa anzawo, zonsezi chifukwa cha chibadwa. Ngati mwalawa mbewu yokololedwa pa nthawi yake, yophikidwa m'njira zingapo, koma simukuifunabe, palibe chimene mwalakwitsa. Lolani ena a m'nyumba alawenso, chifukwa milomo imasiyana, ndipo ngati palibe woikonda perekani zotsalazo kwa wina, malowo muyeserepo mbewu ina.

Zolemba ndi njere za chaka chamawa

Sungani kabuku kolembamo dzina lonse la mtundu umene munabzala, tsiku lofesa, tsiku lomera, tsiku lokolola, mmene nyengo inalili ndi mmene munaphikira. Dzina la mtundu ndi lofunika chifukwa mitundu ya mbewu imodzi imasiyana kwambiri. Brussels sprouts a masiku ano sawawa ngati akale chifukwa m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Netherlands anazindikira zinthu zimene zimabweretsa kuwawako, ndipo anayamba kusankha mitundu imene ili nazo zochepa. Motero mtundu umodzi ukakukhumudwitsani, wina wa mbewu yomweyo ungakusangalatseni.

Ngati mwaikonda mbewuyo ndipo mukufuna kusunga njere zake, yang'anani kaye pa paketi. Ngati palembedwa F1, ndi ya haibulidi, ndipo ana ake sadzafanana ndi kholo. Ngati si haibulidi, kumbukiraninso za banja lija: kohlrabi amene akuchita maluwa pafupi ndi kabichi kapena burokoli wamaluwa amasakanizidwa ndi njuchi, Swiss chard amasakanikirana ndi beetroot kudzera mu mphepo, ndipo njere za zucchini amene anamera pafupi ndi maungu okongoletsera zimatha kubereka zipatso zowawa zija. Kohlrabi, parsnip, celeriac ndi Swiss chard mwachibadwa zimachita maluwa chaka chachiwiri zitadutsa m'nyengo yozizira, ndipo chomera chimene chathamangira ku maluwa chaka choyamba sichiyenera kusungidwa njere, chifukwa chimapatsira ana ake khalidwe lomwelo. Zosavuta kuyamba nazo ndi letesi, nyemba ndi tomato, zimene nthawi zambiri duwa lililonse limadzibereketsa lokha. Umitsani njerezo pamthunzi mpaka ziume gwa, ziikeni m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira ndi amdima, ndipo mulembepo dzina ndi chaka musanaziike pashelefu.